GULU LA ZAKA ZITATU: MBIRI YA AMANAZ

Nkhani ya pa wailesi, yosindikizidwa kuti amene sanaimve aiwerenge.

 Nkhani ya lero ndi ya anyamata asanu amene anapangana kuimba pamodzi ku Kitwe pa caka ca 1973, najambula mbale imodzi yokha ya galamafoni pa caka ca 1975, nabalalika pa caka ca 1976. Dzina la gulu lao linali Amanaz. Zaka zitatu ndi nthawi yaifupi ndithu, pakuti mwana wobadwa tsiku limene gululo linayamba akadakhala asanalowe sukulu pa tsiku limene linatha. Komabe mbale yao imodziyo ikali kugulidwa ku America ndi ku Europe, patapita zaka 50 cijambulire.

Nkhani imeneyi ikhudza mlandu umene umveka m'nyumba zambiri, ku komboni ndi ku mudzi komwe. Mnyamata afuna kugula gitala nati kuimba ndiyo nchito yace, pamene atate wace akana kwa mtu wa galu nati kuimba ndi masewera a anthu osafuna kugwira khasu kapena fosholo. Mbiri ya Amanaz ionetsa kuti onse awiri ali ndi mau oyenera kuwamvera.

NJIRA YA KU MIGODI

Boma la Chama lili ku mtunda kwa mtsinje wa Luangwa, ndipo licita malire ndi dziko la Malawi. Eni dziko ndiwo Asenga, a mafumu monga Kambombo, Tembwe ndi Chikwa, anthu odziwika ndi ulimi wa mpunga, amene cinenero cao cifanana ndi Citumbuka. M'masiku a Azungu dziko limeneli linali kuweruzidwa kucokera ku Boma la Lundazi. Pa caka ca 2011 linaikidwa m'cigawo ca Muchinga, ndipo pa caka ca 2021 linabwezedwa ku cigawo ca Kum'mawa.

Kuyambira pamene msonkho unafika, amuna a ku cigwa anali kucoka kwao kukafuna ndalama, pakuti mpunga ndi mapira zinali kudzaza nkhokwe koma sizinali kubala ndalama za msonkho. Migodi ya mkuwa itatsegulidwa, wa Roan Antelope ku Luanshya pa caka ca 1931, wa Nkana pa 1932, wa Mufulira pa 1933 ndi wa Nchanga pa 1939, njira ya ku migodi inasanduka mseu wa anthu ambiri a Kum'mawa. Ena anacedwa komweko nasanduka machona. Ena anabwerera ndi njinga, mabulangeti, makina osokera, ndiponso galamafoni ndi mbale zace zokulungidwa bwino m'nsalu kuti zingasweke pa njira. Kotero nyimbo za m'tauni zinafika ku midzi pa mutu pa munthu.

Pambuyo pace panadza wailesi. Nyumba ya wailesi ya ku Lusaka inayamba pa caka ca 1941, ndipo pa caka ca 1949 kunafika kawailesi kochipa kochedwa Saucepan Special, kooneka ngati sefuliya, kogulidwa ndi mapaundi 5 ndi koyendera batire. Pa wailesi imeneyo anthu anamva mau a Alick Nkhata ndi anzace, amene anatenga nyimbo za makolo naziimba ndi magitala, naonetsa mtundu wonse kuti coimbira ca Cizungu cingathe kulankhula Cinyanja ndi Cibemba. Anyamata a ku midzi, posowa ndalama, anali kudzipangira mabanjo ao ndi zitini, zikopa ndi mawaya. Ana amene anabadwira m'makomboni a migodi masiku amenewo ndiwo anadzakhala oimba a zaka za m'ma 1970.

ZA KU ENGLAND

Pofika zaka za m'ma 1960, m'dziko la England munabuka nyimbo za mtundu wina, za magitala oyendera magetsi. Oyamba kuchuka anali a Beatles ndi a Rolling Stones. Pambuyo pao panadza anyamata amene sanakhutire ndi nyimbo zazifupi za cikondi, nayamba kupeka nyimbo zazitali, zina zodzaza mbali yonse ya mbale, zosintha-sintha mayendedwe ace pakati, zobwereka luso ku nyimbo za jazz ndi ku nyimbo zakale za Azungu za zeze ndi malipenga. Angelezi anazicha progressive rock, kutanthauza nyimbo zofuna kupita patsogolo. Ena analondola njira ya mau olemera ndi aphokoso, monga a Black Sabbath a ku Birmingham ndi a Deep Purple.

Cinthu cozizwitsa ndi ici, cakuti ngakhale ku England, dziko la cuma ndi la masitolo odzala ndi zoimbira, magulu ambiri okoma sanakhalitse. Gulu la Cream linayamba pa caka ca 1966 nilitha pa 1968. Awiri a m'gulu limenelo, Eric Clapton ndi Ginger Baker, anayambitsa lina lochedwa Blind Faith pa caka ca 1969, limene linatulutsa mbale imodzi nilitha caka comweco. Gulu la King Crimson linayamba ku London kuciyambi kwa 1969, niliimba pamaso pa khamu lalikulu ku Hyde Park m'mwezi wa July, nilitulutsa mbale yace yoyamba mu October. Koma pofika December awiri a iwo, Ian McDonald ndi Michael Giles, anali atanena kale kuti acoka. Dzina la gululo linapitirira ndi anthu ena, koma anyamata oyambawo sanamalize ngakhale caka cimodzi ali pamodzi. Jimi Hendrix, wa ku America, amene mbiri yace inakulira ku London kuyambira 1966, anamwalira pa caka ca 1970 ali ndi zaka 27. Akulu akale sananame ponena kuti ng'oma yolira kwambiri sicedwa kung'ambika.

Mbale za anthu amenewa zinafika m'masitolo a ku Kitwe, ku Ndola ndi ku Lusaka, ndipo anyamata a m'makomboni anazimvera usiku ndi usana mpaka anadziwa pogwira cala ciliconse.

MASIKU A NDALAMA ZA MKUWA

Dziko la Zambia linalandira ufulu pa 24 October 1964, lili limodzi la maiko olemera koposa mu Africa cifukwa ca mkuwa. Pa ndalama 10 zilizonse zocokera ku malonda a kunja, zoposa 9 zinali za mkuwa, ndipo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 migodi inali kutulutsa matani ngati 700,000 pa caka. Pa caka ca 1969 Dr. Kenneth Kaunda analengeza ku Matero kuti Boma lidzatenga magawo 51 pa 100 a migodi. Wa nchito wa pa mgodi anali kulandira malipiro okwanira kugula wailesi, suti ndi mbale za galamafoni, ndipo Loweruka madzulo anali ndi kangacepe kolipira pa khomo la holo. Makampani a migodi anali ndi maholo ndi makalabu ao m'makomboni, ndipo mahotela a m'tauni anali kufuna oimba mlungu uliwonse. Nchito ya pansi pa nthaka inali yoopsa, monga momwe ngozi ya ku Mufulira ya mu September 1970 inaonetsera, pamene amuna 89 anafera pansi. Munthu woturuka m'mgodi ali moyo anali kufuna nyimbo zamphamvu zomuiwalitsa mdima.

Pa caka ca 1970 woimba wochuka wa ku America, James Brown, anadzaimba m'Zambia, ndipo anyamata ambiri anaona ndi maso ao mmene woimba angagwedezere khamu. Magulu anaphuka ngati bowa. Gulu la Musi-O-Tunya, m'mene munali Rikki Ililonga, linapita kukakhala ku Nairobi m'dziko la Kenya, nilisanganiza magitala a magetsi ndi ng'oma za makolo. Mbale yace ya Wings of Africa inaturuka pa 1975. Ku Kitwe kunali gulu la WITCH, lotsogozedwa ndi Emmanuel Chanda, amene anthu anamucha Jagari pomufanizira ndi Mick Jagger wa Rolling Stones. Mbale yao ya Lazy Bones inaturukanso pa 1975. Ku Lusaka kunali Paul Nyirongo, wodziwika ndi dzina lakuti Paul Ngozi, amene anali kuliza gitala ndi mano, naimba m'Cinyanja ca m'tauni ndi m'Cingelezi za umphawi, za mowa ndi za mabanja a m'makomboni. Gulu lace la Ngozi Family linatulutsa Day of Judgement pa 1976 ndi 45,000 Volts pa 1977. Woulutsa mau wa pa wailesi, Manasseh Phiri, ndiye anapatsa nyimbo zonsezi dzina lakuti Zamrock.

Pakati pa zaka za m'ma 1970 Dr. Kaunda analamula kuti pa nyimbo 10 zilizonse zomveka pa wailesi, zosacepera 9 zikhale za m'Zambia. Lamulo limeneli linatsegula khomo lalikulu, popeza wailesi inasowa mbale zokwanira, ndipo makampani monga Teal Record Company ndi Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo, onse a ku Ndola, anali kufuna-funa oimba. Ku midzi ya ku Chama, kumene kunalibe magetsi olizira gitala yotere, nyimbozo zinamveka pa wailesi ya batire yopacikidwa pa khonde, ndipo akulu anali kufunsana ngati ndi ana ao omwe aja anapita ku migodi amene acita phokoso limenelo.

ANYAMATA ASANU NDI MBALE IMODZI

M'masiku amenewo ndimo munabadwa Amanaz. Keith Kabwe anali woimba wa patsogolo. Isaac Mpofu ndi John Kanyepa anali a magitala, Jerry Mausala anali wa gitala ya besi, ya mau aakulu, ndipo Watson Lungu anali wa ng'oma. Onse asanu anali kuthandizana kuimba ndi pakamwa. Dzina lao analipanga potenga zilembo zoyamba za mau a Cingelezi akuti Ask Me About Nice Artistes in Zambia, ndiko kunena kuti, ndifunseni za oimba okoma a m'Zambia. Linali dzina lodzitama, monga mwa cikhalidwe ca anyamata, koma nthawi yaonetsa kuti silinali la bodza.

Pa caka ca 1975 anapita ku Chingola, tauni ya mgodi wa Nchanga, nalowa m'nyumba yojambulira ya Malachite Film Studios. M'masiku atatu okha anajambula nyimbo 12, zimene zinaturuka pa mbale yaikulu yochedwa Africa. Nyimbo zambiri zili m'Cingelezi ndipo zina zili m'Cibemba. Mwa izo muli History of Man, Sunday Morning, Easy Street, Kale, Nsunka Lwendo, ndi imene yachuka koposa zonse, Khala My Friend, imene dzina lace liyamba ndi mau a Cinyanja odziwika kwa aliyense. Kujambula nyimbo 12 m'masiku atatu kutanthauza kuti panalibe nthawi yobwereza-bwereza. 

Womvera mbaleyo apeza mitundu iwiri ya nyimbo. Zina ndi zaukali, za gitala yolira mokhakhala ngati njuci zosokonezedwa m'mphako. Mau amenewo acokera m'kabokosi koponda ndi phazi, kochedwa fuzz, kamene kakuza mphamvu ya magetsi ocokera ku gitala kufikira mau ace asweka. Anyamata a ku England anakakonda kabokosi kameneka, ndipo a ku migodi anakakonda koposa. Koma nyimbo zina ndi zofatsa, zoyenda pang'ono-pang'ono, za mau osonyeza kusungulumwa, monga za munthu amene wakhala pa khomo madzulo atatopa, nakumbukira kwao. Aliyense amene anasiya amai ace ku Luangwa kapena ku Luapula nakagona m'komboni pakati pa alendo adziwa mtima umenewo, ngakhale asamve Cingelezi. Pamenepo ndipo pagona mphamvu ya mbaleyo.

Mbale ya Africa inasindikizidwa m'mitundu iwiri. Pa mtundu wina mau amveka pafupi, ouma ndi omveka bwino, pamene pa mtundu wina amveka ndi mauwe ngati oimba ali m'phanga lalikulu. Okonda nyimbo akali kutsutsana kuti wokoma ndi uti.

Caka cotsatira, pa 1976, gulu linatha, ndipo anyamatawo anapita yense njira yace.

ZIMENE ZINAPHA MAGULU

Gulu la oimba lifanana ndi denga, limene mutu umodzi sungalisenze. Lifuna anthu anai kapena asanu a mtima umodzi, zoimbira za mtengo wapatali, galimoto yonyamulira katundu, ndi khamu la anthu okhala ndi ndalama m'thumba. Cimodzi ca izi cikasowa, denga ligwa. Ku England magulu anali kutha kawiri-kawiri cifukwa ca kutopa ndi maulendo ndi kusiyana maganizo. M'Zambia zimenezi zinalipo, koma panaonjezeka mavuto a dziko lonse, ndipo Amanaz inatha pa nthawi imene mavutowo anali kuyamba kuluma.

Mu January 1973 boma la Ian Smith la ku Rhodesia linatseka malire, ndipo njira ya sitima ya kumwera inakhala yotsekedwa kufikira 1978. Kumapeto kwa 1973 mtengo wa mafuta a galimoto unayamba kukwera, nufika pa kanai kuposa kale. Mtengo wa mkuwa ku London unafika pafupi ndi mapaundi 1,400 pa tani mu April 1974, koma caka cisanathe unagwa kufikira pansi pa theka la mtengo umenewo. Dziko lodalira mkuwa linasowa ndalama za kunja. Tsono gitala, mawaya ace, makina okuzira mau, zikopa za ng'oma za Cizungu, ngakhale phula lopangira mbale, zonse zinali zocokera kunja. Magulu ambiri analibe zoimbira zaozao; zinali za mwini kalabu kapena za munthu wa malonda amene anali kuwayang'anira, kotero kuti pakabuka mkangano wa ndalama, mwini zinthu anali kutseka katundu wace m'nyumba, ndipo gulu linali kutha tsiku lomwelo. Wa nchito wa pa mgodi nayenso, poona kuti ufa ndi mafuta ophikira zakwera, anayamba kuwerenga kawiri asanalipire pa khomo la holo.

Magulu amene anapirira anakumana ndi zoopsa zina. Mu October 1978 ndege za ku Rhodesia zinaponya mabomba pa misasa ya omenyera ufulu a ku Zimbabwe, ku Chikumbi pafupi ndi Lusaka ndiponso ku Mkushi, ndipo Alick Nkhata, amene anali ndi munda wace kumeneko, anafera m'nkhondo imeneyo. Boma linaletsa kuyenda usiku nililamula kuzimitsa magetsi, ndipo oimba anataya maola amene anali kupezeramo cakudya. Pambuyo pace panadza disko, imene mwini kalabu anaikonda popeza munthu mmodzi woliza mbale ndi wochipa kuposa oimba asanu. Panadzanso makaseti, amene anthu osalungama anali kujambulirapo nyimbo za eni nazigulitsa pa msika, woimba osalandira ngakhale ngwee imodzi. M'zaka za m'ma 1980 mitima ya anthu inatembenukira ku kalindula, ya P.K. Chishala, Amayenge ndi ena, ndipo Zamrock inaoneka ngati cobvala ca kale.

Cotsiriza ndi cowawa koposa cinali matenda a Edzi, amene anazindikiridwa m'Zambia pa caka ca 1984, pamene kunalibe mankhwala otalikitsa moyo monga alipo lero. Matendawo anatenga oimba ambiri a mbadwo umenewo, monganso anatenga aphunzitsi, asilikali ndi anthu a pa migodi. Pa caka ca 1987 Dr. Kaunda anauza dziko lonse poyera kuti mwana wace anamwalira ndi matenda omwewo, kuti anthu aleke kubisa. Paul Ngozi anamwalira pa caka ca 1989 ali ndi zaka 40. Otsala anafuna nchito zina. Keith Kabwe anatembenukira ku nchito ya Mulungu nakhala mbusa. Jagari Chanda anakhala mphunzitsi, ndipo pambuyo pace anapita ku thengo kukakumba miyala ya mtengo wapatali ndi piki ndi fosholo, monga wa pa mgodi wina aliyense.

MBEU IMENE INAMERA MOCEDWA

Kwa zaka zoposa 30 mbale ya Africa inagona m'masutikesi ndi pansi pa makama, nidyedwa ndi pfumbi. Koma kunja kuli anthu amene nchito yao ndi kufuna-funa mbale zakale za maiko akutali, ndipo ena a iwo ataimva anadabwa. Pa caka ca 2008 kampani ya Shadoks ya ku Germany inaisindikizanso. Pa caka ca 2015 kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles, ya Eothen Alapatt, inaitulutsa ndi mitundu yace yonse iwiri pamodzi, ndipo pa 2017 inasonkhanitsa nyimbo za magulu ambiri m'mbale zochedwa Welcome to Zamrock. Pa 2019 kunaturuka kanema wa mbiri ya WITCH, ndipo Jagari Chanda, ali nkhalamba, anabwerera ku nchito yace yoyamba, naimba ku Europe ndi ku America, natulutsa mbale yatsopano ya Zango pa 2023.

Caka comweco ca 2023 woimba wochuka wa ku America, Travis Scott, anatenga cidutswa ca Nsunka Lwendo ya Amanaz naciika m'nyimbo yace ya Sirens. Pa 2024 mnzace wina, Tyler, the Creator, anatenga cidutswa ca Nizakupanga Ngozi ya Ngozi Family naciika m'nyimbo yace ya Noid. Mwa njira imeneyi mau ojambulidwa ndi ana a m'makomboni anafika m'makutu a anthu mamiliyoni ambiri amene sanamvepo dzina la Chingola. Omvera aone bwino cinthu cimodzi: pa nyimbo zonse zimene zinalipo, alendowo anasankha ya dzina la Cibemba ndi ya dzina la Cinyanja. Zofanana ndi za ku England ali nazo kale kwao, zambiri-mbiri. Cimene anadzafuna kuno ndi cija cimene anyamatawo anayamwira kwa amai ao.

Koma ulemu umenewu unafika mocedwa, ambiri a oimba a nthawi ija atagona kale m'manda, ndipo ana ao anakula osadya zipatso za nchito ya atate ao.

MAU KWA ANYAMATA NDI KWA MAKOLO

Masiku ano mnyamata wa ku Chama safunikanso kuyenda ulendo wa ku Chingola kuti ajambule nyimbo. Kompyuta imodzi m'kacipinda ka pa Boma icita nchito imene kale inali kufuna nyumba yonse ya makina, ndipo foni ya m'manja itumiza nyimbo ku Lusaka ndi ku London tsiku lomwelo. Njira yafupika, koma maenje ace ndi omwe aja, ndipo mbiri ya Amanaz ndi anzao iwaonetsa poyera.

Coyamba, oimba ayesetse kukhala ndi zoimbira zaozao, ngakhale zikhale zocepa ndi zakale, pakuti gulu loimba ndi katundu wa mwini likhala ndi moyo masiku okhawo amene mwiniyo akondwera. Caciwiri, apangane za ndalama asanayambe, nalembe pa pepala gawo la munthu aliyense, dzina la wopeka nyimbo iliyonse, ndi zimene kampani kapena mwini situdiyo adzatenga. Ubwenzi wa pa unyamata ndi wokoma, koma sukhala mboni pa bwalo la milandu. Cacitatu, adziwe kuti m'Zambia muli lamulo la caka ca 1994 loteteza eni nyimbo, limene lisunga nyimbo m'dzina la woipeka moyo wace wonse ndi zaka 50 pambuyo pa imfa yace, ndiponso muli bungwe la ZAMCOPS losonkhanitsa malipiro a eni nyimbo. Nyimbo yolembetsedwa ndi cuma ca masiye cimene ana angalandire. Cacinai, asunge bwino zojambula zao zoyamba, popeza nyimbo zambiri za zaka za m'ma 1970 zinapulumuka kokha cifukwa munthu wina anasunga tepi kapena mbale imodzi. Cacisanu, asanyoze za kwao. Ng'oma zomveka pa mwambo wa Kwenje kwa Kambombo, nyimbo za amai a pa mtondo posinja mpunga, ndi cinenero ca Cisenga cimene sicinamvekebe kwambiri pa mbale, ndizo cuma cimene woimba wa ku Los Angeles alibe. Potsiriza, woimba akhale ndi luso lina m'manja, kaya ulimi, ukalipentala kapena uphunzitsi, pakuti mkuwa unagwa mtengo m'miyezi yowerengeka, ndipo cakudza siciimba ng'oma.

Atate wokana uja anena zoona pamene ati kuimba kokha sikudyetsa banja masiku onse. Zaka zimene Jagari Chanda anakhala m'maenje a miyala zimcitira umboni. Koma alakwa pamene ati kuimba ndi masewera. Mkuwa umene unakumbidwa ku Nchanga pa caka ca 1975 unakwera sitima, nusungunulidwa m'maiko a eni, ndipo palibe munthu angathe kuloza lero kumene uli. Nyimbo 12 zimene zinajambulidwa m'tauni yomweyo caka comweco zikali ndi maina a eni ace asanu, ndipo zichula dzina la Zambia kulikonse kumene zimveka. Cifukwa cace kholo lanzeru silithyola gitala ya mwana, koma limfunsa ngati pangano lace lalembedwa, ngati nyimbo zace zalembetsedwa, ndi ngati munda wace walimidwa.

Tsalani bwino nonse, a ku migodi, a m'matauni ndi a ku cigwa.